Kusatchuka posewera sikungamulepheretse uphunzitsi

Achimwene, mwafunsa ngati mphwanu wa ku America uja, amene anasiya kusewera mpira wa ku America (American football), angathe kukhala kochi. Angathe ndithu, ngakhale sanatchuke pamene ankasewera. Mwachitsanzo, Tony Dungy anasewera mu NFL, ligi yaikulu ya mpira umenewu, zaka zitatu zokha, ziwiri ku Pittsburgh Steelers ndi chimodzi ku San Francisco 49ers. Mu 1981 anabwerera ku Steelers kukakhala wothandizira kochi wamkulu, Chuck Noll, ndipo anadikira mpaka 1996 kuti apatsidwe timu yakeyake, Tampa Bay. Mu 2007 anapambana Super Bowl, masewera omaliza olimbirana chikho cha NFL, ndi timu ya Indianapolis Colts, kochi wamkulu woyamba wakuda kutero. Zaka 15 akuthandizira anzake! Kumeneko ndiye anyamata ambiri amafookera.

Ine ndakhala ndikuphunzitsa ana mpira wamiyendo, ndipo ndaona kuti amene ankavutika kuti alowe m'timu ndi amene amafotokoza bwino, chifukwa chilichonse anachita kuchiphunzira. Mphwanuyo ayambe ndi timu ya sekondale kapena ya koleji, ngakhale malipiro atachepa.

Koma mwanena kuti anasiya chifukwa chogundagunda mutu. Ngati mutu umamuwawa kapena akuiwalaiwala, akaonane kaye ndi dokotala wa ubongo. Kontrakiti ikabwera, loya aiwerenge asanasayine.