Mpapaya wanga ukungochita maluwa osabereka

Funso: Chaka chatha ndinadzala mpapaya kuseri kwa bafa. Wakula mpaka kupitirira denga, koma umangotulutsa timaluwa tambirimbiri tolendewera pa timapesi tatitali, kenako timayoyoka. Apongozi anga akuti ndiumangirire chitsononkho kuti ubereke. Kodi ndichite zimenezo?
Mayi wa ku Chilomoni, Blantyre

Yankho: Mayi, mpapaya wanuwo ndi wamwamuna, ndipo chitsononkho sichingausinthe. Apongozi anu musawatsutse pagulu, koma musadikirenso zipatso kumeneko.

Maluwa ndi amene amaulula: timaluwa tambirimbiri tolendewera pa timapesi tatitali ndi ta mpapaya wamwamuna. Wamkazi amatulutsa duwa lalikulu, lonenepa kumunsi, lokhala pafupi ndi thunthu pamene tsamba layambira. Mukalitsegula ndi chala mupeza kapapaya kakang'ono kobiriwira kali kale m'kati. Palinso mipapaya ina yokhala ndi ziwalo zonse ziwiri m'duwa limodzi, imene imabereka yokha zipatso zazitali.

Ine kwathu ndimadzala mbande zitatu kapena zinayi pa phando limodzi, mapando otalikirana mamita 2 kapena 3. Ikachita maluwa pakatha miyezi 5 kapena 6, ndimasiya wamkazi wamphamvu, ina ndimadula. Wamwamuna mmodzi amakwanira yaikazi 10, choncho wanuyo musathamangire kumugwetsa, adzathandiza mbande zatsopanozo kuti zibereke.

Chimene chandidetsa nkhawa ndi bafalo. Mizu ya mpapaya imawola msanga madzi akamadikha. Atsopanowo dzalani pa kamulu kothira manyowa owolerana, padzuwa, kutali ndi ngalande ya madzi a sopo.