Ku Harare yambani mwayenda, mpamba ubwere pambuyo

Achemwali, mwafunsa zinthu ziwiri nthawi imodzi: mukufuna kubwera ku Harare pa tchuthi chanu kudzaona mzinda, komanso mukufuna kudziwa momwe geni yodutsa malire imayendera kuti mwina nanunso muyambe. Ine ndikuti musazilekanitse. Ulendo woyamba bwerani ngati mlendo, ndi ndalama yodyera ndi yogonera, kabuku ndi cholembera. Mpamba uyambe watsala kunyumba. Ambiri amene ndawaona akugwa pa geni imeneyi anapikula katundu asanaudziwe mzinda, atangomva kwa mnzawo kuti chakutichakuti chikuyenda malonda.

Njira yathu ndi ya ku Tete. Kuchokera ku Blantyre mumatulukira pa Mwanza n'kulowa Mozambique pa Zobue, kuoloka Zambezi pa Tete, kenako Cuchamano ndi Nyamapanda, n'kutsetsereka kudzera ku Mutoko ndi Murewa mpaka Harare. A ku Lilongwe amatulukira pa Dedza. Kuchokera ku Blantyre mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 600, koma chimene chimadya nthawi si msewu, ndi zipata: pasipoti imadindidwa kanayi, ndipo basi yonse imadikira munthu mmodzi amene katundu wake wavuta. Viza sifunika. Tengani madzi okwanira chifukwa kutentha kwa ku Tete si kwamasewera, ndipo muyang'ane masiku amene akulemberani pa chidindo cha pa Nyamapanda musanachoke pawindo.

Pa nkhani ya msonkho ndifatse pang'ono, chifukwa apa ndi pamene anthu amaopsezana zabodza. Malawi ndi Zimbabwe onse ali mu COMESA, mgwirizano wa zamalonda wa maiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, ndipo pali dongosolo la amalonda ang'onoang'ono lotchedwa STR. Ngati katundu wanu ndi wolimidwa kapena wopangidwa m'maiko awiriwa, ali pa mndandanda umene anagwirizana, komanso mtengo wake sukupitirira malire amene anaika, mumadzaza fomu yaifupi ndipo msonkho wolowetsera katundu simulipira. VAT yokha ndiye siithawika. Katundu wa ku China amene mwagula m'sitolo ya ku Harare sali m'gulu limeneli ayi, ngakhale mwamugula ku Zimbabwe. Zakumunda monga mpunga, nyemba ndi mtedza zimafuna zikalata za unduna wa zamalimidwe ndi chilolezo, ndiye funsani ku mabungwe otolera msonkho, MRA ya kwathu ndi ZIMRA ya kuno, musanamange matumba. Malamulo amasinthasintha, mu 2025 boma la kwathu linaletsa kulowetsa katundu wina wochokera kunja, ndipo amene sanamve anakazimvera pa chipata. Malisiti onse sungani. Wina akakuuzani kuti mumpatse kenakake akudutsitsireni katundu kuseri, kanani. Tsiku limene zidzavute, iye sadzaonekanso, ndipo katundu wolandidwayo adzakhala wanu.

Ndalama yake kuno ndi dola ya ku America. Iliponso ZiG, ndalama ya dziko la Zimbabwe imene inayamba mu 2024, koma wogulitsa aliyense amayamba watchula mtengo m'madola. Vuto lenileni ndi chenje. Mukatulutsa 20 dola pogula chinthu cha 3 dola mudzaima nthawi yaitali, choncho yendani ndi timapepala ta 1 ndi 5, tosang'ambika. Ndipo phindu muziliwerengera pa mtengo umene mwagulira dolayo kwathu, osati umene walembedwa ku banki. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ambiri anagulitsa katundu yense n'kupeza kuti ndalamayo sikukwananso kuoda katundu yemweyo.

Tsopano za kuyenda, zomwe kwa ine ndi sukulu ya geniyi. Mabasi ambiri odutsa malire amaima pa Roadport, pakati penipeni pa tauni. Mukapuma, yendani wapansi. Misewu ya pakati pa Harare inayalidwa mowongoka moti simusochera. Yambani pa Africa Unity Square. Mukabwera mu Seputembala kapena Okutobala mudzapeza mitengo ya jacaranda itachita maluwa mpaka pansi ponse pali bii. Pitani pa Eastgate, nyumba ya masitolo ndi maofesi imene inatsegulidwa mu 1996, yomangidwa motengera chulu cha chiswe kuti mpweya uzizizira wokha. Kwerani Julius Nyerere Way mukaone chipilala cha Mbuya Nehanda pa mphambano ya Samora Machel Avenue, mupitirire ku National Gallery ndi ku Harare Gardens. Madzulo, muli ndi mnzanu, kwerani pa kaphiri ka Kopje mukauone mzinda wonse uli m'munsi. Koma poyenda monsemo muzilowa m'masitolo, m'supamaketi ndi m'timisika ta m'nyumba monga Gulf Complex. Lembani mtengo wa Mazoe, wa Cerevita, wa nsapato za Bata, wa mapoto a Kango, wa mabulangete. Funsani mtengo wa chimodzi, kenako wa katoni. Chinthu chomwecho mukachipeza kumunsi kwa tauni, cha ku Kopje, mtengo umakhala wina, ndipo kusiyana kumeneko ndi kumene timadyerapo.

Tsiku limodzi lathunthu lipatseni Mbare, dera la misika ikuluikulu. Dzukani kusanache mukwere kombi (minibasi ya kuno), chikwama chili kutsogolo, foni ili m'kati. Pa Mbare Musika mudzapeza malole a tomato ochokera ku Mutoko akutsitsa, anyamata a zingolo akukuwa kuti muwapatse njira, amayi akuyeza nyemba ndi mtedza m'zidebe. Msikawu unapsa mu Okutobala 2024 ndipo malo ena asintha, koma malonda sanaime. Imani pa mzere wa nsomba zouma muone bwino. Kuno ali ndi kapenta wawo wa ku Kariba, ndipo wogula amatapa pang'ono m'dzanja, kununkhiza, kuthyola kamodzi kuti aone ngati kauma, kenako n'kuyang'ana pansi pa thumba ngati pali mchenga. Usipa wanu udzayesedwa chimodzimodzi. Mpunga wa Kilombero ndiye umadzigulitsa wokha. Mayi akangovundukula thumba n'kumva fungo, nkhani imatsala ya mtengo basi. Koma ukhale wopeta bwino, wosasakaniza. Mukawapusitsa kamodzi, mzere wonse umadziwa dzuwa lisanalowe. Pafupi pomwepo pali Mupedzanhamo, msika wa zovala, ndi Siyaso wa zitsulo ndi zipangizo. Kaoneni, koma kaunjika musabwere naye, boma la kuno limaletsa kumulowetsa.

Chinthu china chimene chimandikhudza mtima, ndipo ndikufuna mudzachione nokha: Harare ali ndi anthu athu ambiri. Pamene mzindawu unkatchedwa Salisbury, unali likulu la chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland kuyambira 1953 mpaka 1963, ndipo azigogo athu anabwera kudzagwira ntchito m'mafakitale, m'mafamu ndi m'nyumba za azungu, ena mpaka kutchona. Zidzukulu zawo zili ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku, Tafara ndi Epworth. Kumeneko mudzamva agogo akulankhula Chichewa chakale chosakanikira ndi Chishona, ndipo gule wamkulu amatuluka ndithu. Malamulo aakulu a dziko lino a 2013 anaika Chichewa m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka. Makasitomala anga okhulupirika ndi amenewa. Amafuna zitenje za maukwati ndi zinkhoswe, mpunga wa pa Khirisimasi, nsomba za kunyanja. Muwalonjere mwaulemu, mukhale pansi, mufunse kwawo kwa makolo awo. Ngati mwafika ku Epworth, pitani mukaone miyala yosanjikizana ya Chiremba, yofanana ndi imene imajambulidwa pa ndalama za dziko lino.

Ngongole ndiyo muisamale. Kuno anthu amakonda kutenga katundu n'kulipira pakutha pa mwezi, ndipo inu simungakhale mwezi wonse mukulipira malo ogona. Amene takhalitsa tili ndi munthu mmodzi wodalirika wotitolera ndalama, ndipo timakongoza okhawo amene tikudziwa pakhomo pawo. Mpamba wa katapila musayambire geni iyi. Basi ikachedwa pa chipata chiwongoladzanja sichidikira. Bola wa banki mkhonde, kapena wanuwanu ngakhale uchepe.

Mukatsala ndi tsiku, pitani ku Domboshava, kunja pang'ono kwa mzinda chakumpoto, mukakwere mwala waukulu uja ndi kuona zojambula zakale za m'phanga, kapena ku Mukuvisi Woodlands kumene kuli mbidzi ndi akadyansonga. Pobwerera gulani zinthu zochepa zokha za mitundu ingapo, mudutse nazo pa Nyamapanda ndi pa Mwanza mwa dongosolo, muone nokha momwe fomu imadzazidwira ndi ndalama zimene zimachoka. Mukafika kunyumba, phatikizani mtengo wa basi, wa katundu pa basi, msonkho, chakudya ndi pogona, mugawe pa chinthu chilichonse, muyerekeze ndi mitengo ya ku Limbe. Zikatero mundiuze zimene zatuluka, tidzaone limodzi katundu woti muyambire.