Nyesi ya pankhongo: yankho kwa achemwali a ku Luchenza

Lachiwiri lapitali ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa ku Luchenza. Akuti kwa miyezi isanu tsopano amangomva ngati nyesi ya magetsi yawagwira m'mutu, kuyambira pankhongo kukwera mpaka paliwombo, mbali ya kumanja yokha. Imabwera, n'kuzimirira, n'kubweranso. Akufunsa ngati chili chotupa cha mu ubongo, komanso kuti munthu amakhala nazo bwanji zoterezi. Nditawerenga ndinayamba ndaika foni pansi, chifukwa achemwali, zimene mwalembazi ndi zanga zomwe.

Zanga zinayamba zaka zinayi zapitazo, mu June, chiperoni chitaphimba phiri lonse la Mulanje moti pa Chitakale pano kutsidya kwa msewu sikunkaoneka. Ndinkakonzekera kupita kukaphunzitsa. Chipeso chitangokhudza kuseri kwa khutu lakumanzere, china chake chinangoti ng'aniii, kuchokera m'khosi mpaka pamwamba pa mutu, chipeso n'kugwa chokha m'manja. Sizinathe ngakhale masekondi asanu. Ndinaima chilili kudikira kuti mwina ndigwa, koma osagwa. Ndinamanga duku n'kupita kusukulu. Tsiku limenelo inandigwira kasanu ndi kawiri, kamodzi ndili pabolodi, choko chili m'manja, ana oposa 80 akundiyang'ana.

Nyesiyo imatha msanga, koma kudikira ina n'kumene kunkandifoola. Ikapita imasiya khungu la m'mutu likunyeka ngati lathiridwa madzi otentha. Tsitsi lenilenili limawawa ukaligwira. Pilo sumufuna, duku sumufuna, kamphepo kochokera kuphiri kakangokupita m'khosi mtima umadumpha. Ndinayamba kuyenda ngati ndasenza ndowa yodzaza, osatembenuza khosi. Usiku ndinkagona maso ali gwa, kuganiza kuti ana angawa adzawalera ndani, popeza nanenso ndinali nditagamula kale mumtima kuti ndi chotupa.

Kuchipatala china chaching'ono ndinapitako katatu. Katatu konseko ndinanena mawu amene tonsefe timanena: “Mutu ukundipweteka.” Katatu konseko anandibaya pachala, malungo osapezeka, anandiyeza BP, n'kundilembera panado. Sindikuwasungira mangawa, pamzere panali anthu ankhaninkhani ndipo aliyense anali ndi mphindi zake ziwiri. Komabe ndinkabwerera kunyumba ndi nyesi yanga. Ndinayamba kugula bulufeni paokala, awiri m'mawa awiri madzulo, milungu n'kumapita, mpaka m'mimba munayamba kutentha ngati ndameza khala lamoto. Nyesi yosasuntha n'pang'ono pomwe. Panado ndi bulufeni amathandiza ululu wa kutupa ndi kuvulala, koma ululu wochokera mu mtsempha weniweniwo saufika bwino. Ndipo bulufeni wa tsiku ndi tsiku amabweretsa zilonda za m'mimba komanso amaononga impso. Achemwali, ngati muli panjira imeneyi, siyani.

Apa m'pamene azakhali analowererapo. Anati mutu wobwera ngati mphenzi si wa kuchipatala, pali wina wandiponyera. Ananditengera kwa sing'anga wina kufupi ndi malire a Muloza, ndipo mpaka lero pankhongo panga pali mphini zisanu ndi imodzi. Azakhali anachita zimenezi chifukwa chondikonda, ndipo sindidzaiwala kuti anagulitsa nkhuku zawo kuti tipeze ya minibasi. Koma ndinene mosapsatira: musalole lezala kukhudza malo amenewo. Kutema khungu sikumasula mtsempha wopanikizika mkati mwa minofu, kumangoonjezera chilonda pamalo owawa kale, ndipo lezala wodutsa pa anthu angapo amanyamula HIV ndi matenda a chiwindi. Choipa kwambiri n'chimene ndinabwera nacho mumtima. Ndinauzidwa kuti woponyayo ndi wa kuntchito, ndipo kwa teremu yathunthu ndinkamuyankha moni mnzanga wina mokhota pakamwa, mayi amene ankandigwirira kalasi ndikadwala. Ndinamupepesa pambuyo pake, koma chibale chathu sichinabwerere pomwe chinali. Zimenezi zimandiwawa kuposa mphini.

Amene anandithandiza ndi adokotala ena achikulire amene sanafunse kuti mukumva bwanji, koma anati, “Amayi, lozani ndi chala chimodzi pomwe zimayambira.” Ndinaloza. Anabwera kumbuyo kwanga, n'kudina pansi penipeni pa fupa la nkhongo, chapambali pang'ono, pomwe khosi limakumana ndi mutu. Nyesi inakwera pompo mpaka ndinakuwa. Iwo anangoti, “Eya, taupeza.” Anandijambulira papepala: pali mtsempha umene umatuluka pakati pa fupa loyamba ndi lachiwiri la khosi, umaboola minofu ya kumbuyo kwa khosi, n'kukwera pansi pa khungu mpaka paliwombo. Ulipo wa kumanja ndi wa kumanzere, n'chifukwa chake ambiri zimatigwira mbali imodzi. Pali winanso wocheperapo umene umadutsa kuseri kwa khutu. Minofu ikaumirira, kapena mafupa a khosi akaperepeseka ndi ukalamba, kapena munthu akavulala khosi, mtsempha uja umapanikizika n'kuyamba kuthetheka ngati waya wosendeka. Dzina lake ndi occipital neuralgia. Anandifunsa kuti ndimakhala bwanji ndikamachonga makope. Ndinawauza zoona: pampando, makope pamiyendo, mutu choweramira, maola atatu usiku uliwonse, kenako foni pabedi, khosi litapindika pamapilo awiri.

Pobwerera tsiku limenelo ndinkaganiza za amayi anga. Anathyola tiyi zaka zambiri, dengu kumsana, khosi choweramira pamitengo kuyambira mbandakucha, ndipo akaweruka ankasenzanso nkhuni. Madzulo ankakhala pafupi ndi moto atagwira pankhongo, nthawi zina n'kudzidzimuka okha ngati wina wawabaya ndi singano. Tinkati ndi litsipa, iwo ankati ndi kutopa. Palibe anadinapo pankhongo pawo. Pitani ku Likhubula m'mawa mukaone amayi akutsika phiri ndi mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni, nkhata yokha ili pakati pa mtolo ndi mutu. Khosi la mayi wa kuno limagwira ntchito ya ngolo kuyambira ali mtsikana, ndiye akati mutu ukung'anima timamuuza kuti apirire, ndi zachizimayi. Ine mawu akuti “pirirani” ndinasiya kuwauza odwala. Kupirira kwa amayi anga sikunawachepetsere ululu tsiku ndi limodzi lomwe.

Ndipo poti tanena za mutu wa amayi, ndinenenso za kusaluni. Timalola kulukidwa mothina mpaka nsidze kukwera, n'kumwa panado usiku woyamba kuti tigone, ati kuti zikhalitse. Ine ndinameta. Sindikuti nanunso mumete, koma ngati mwalukidwa zokoka pankhongo, kapena mumamanga mfundo ya duku pamalo omwewo, masulani sabata ino muone kusintha kwake.

Zosayenera kudikira

Nyesi ya masekondi ochepa, yobwera yokha popanda zizindikiro zina, kawirikawiri sichikhala chotupa. Chotupa chimakonda kubwera ndi mutu wosatha umene ukukulirakulira, kusanza, kukomoka ngati khunyu, kufooka mbali imodzi kapena kusaona bwino. Mukaona chimodzi mwa zimenezi, kapena kutentha thupi pamodzi ndi kuuma khosi, kapena mutu woopsa wobwera kamodzin'kamodzi umene simunaumvepo, kapena pakamwa kupindika ndi mawu kulemera, pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale usiku. Ngati mwadutsa zaka 50 ndipo m'mbali mwa mphumi mukuwawa, nsagwada n'kumatopa potafuna, thamangani, chifukwa matenda amenewo amapha maso.

Pemphaninso munthu akuyang'aneni m'tsitsi. Mashingozi amayamba ndi ululu wonga womwewu matuza asanatuluke, ndipo kwa ena ululuwo umatsalira miyezi matuza atapola. Amachokera ku kachilombo ka katsabola kamene kamagona mu mtsempha kuyambira ubwana n'kudzuka chitetezo chikatsika. Mankhwala ake, acyclovir, amagwira bwino akayambidwa m'maola 72 matuza atangotuluka. Anthu kuno amabisa mashingozi poopa kunenedwa, n'kutaya masiku atatu amenewo. Kayezetseni HIV ndi shuga, palibe chamanyazi.

Pa nyesi yangayi, adokotala aja anandipatsa amitriptyline, kambewu kamodzi kakang'ono usiku. Masiku oyamba ndinkadzuka ndi tulo m'maso ndi kukamwa kouma, ndipo ndinatsala pang'ono kusiya chifukwa nyesi inali ikubwerabe. Inayamba kuchepa sabata yachitatu. Mankhwalawa amalembedwanso kwa odwala matenda a nkhawa, ndiye musakhumudwe mukamva zimenezo, pa mlingo wochepa amatontholetsa mitsempha. Ena amapatsidwa gabapentin, ena carbamazepine, makamaka nyesi ikakhala ya kunkhope. Pa carbamazepine ndikupemphani mumvetsetse: amafooketsa dolutegravir, amene ali m'ma ARV omwe anthu ambiri akumwa m'Malawi muno kuyambira 2019, komanso amafooketsa mapiritsi olera ndi njira yolera yoika pamkono. Auzeni adokotala zonse zimene mukumwa, ndipo ngati muli oyembekezera nenani poyamba. Mukayamba kutuluka zidzolo kapena zilonda m'kamwa mutamwa mankhwalawa, bwererani kuchipatala msanga. Musabwereke a mnzanu. Mapiritsi akakanika, pali jakisoni wa dzanzi amene amabaya pamalo podinapo paja, ndipo mukhoza kupempha kalata yopita ku Queens ku Blantyre kuti akuoneni akatswiri.

Kunyumba ndimathowa pankhongo ndi nsalu ya madzi ofunda kwa mphindi 15 madzulo, mwana wanga wamkulu n'kunditikita mapewa ndi khosi pang'onopang'ono, osadina pamtsempha. Pilo ndi mmodzi, wopyapyala. Makope ndimachongera patebulo, ndipo ndikatha khumi ndimaimirira. M'chiperoni sindituluka popanda mpango m'khosi. Ikandigwira ndimaima, kugwetsa mapewa, kutulutsa mpweya pang'onopang'ono, chifukwa kukunga khosi ndi mantha kumaitana inzake. Sinatheretu, imabwerabe kuzizira kukafika kapena nthawi ya mayeso, koma papita miyezi ndisanajombe kuntchito chifukwa cha iyo.

Ndiye achemwali, kuyambira lero lembani kumapeto kwa kope: tsiku, nthawi, kangati, masekondi angati, mumatani pomwe imabwera. Lolemba mutenge kopelo ndi buku lanu la kuchipatala, mupite ku chipatala cha boma pa Thyolo kapena pa Mulanje, kapena ku Malamulo ngati thumba likulola. Mukalowa musanene kuti mutu ukupweteka. Nenani kuti ndi nyesi ya masekondi ochepa, imayambira apa n'kuthera apa, khungu limawawa ndikapesa, panado sakuthandiza, ndipo mupemphe kuti adine pankhongo. Mukabwerako mundilemberenso zimene akuuzani ndi mankhwala amene akupatsani.