Funsani Ojambula: Gulu la Loweruka, Mathithi ndi Chuku cha mu Lenzi

Akonzi, ine ndimajambula ndi foni basi. Kuno kuli gulu la okonda kujambula zachilengedwe lomwe limatuluka Loweruka. Kodi angandilandire? Nanga gulu lothandiza ndilidziwa bwanji?
*Wowerenga wa ku Chinamwali, Zomba*

Pitani nayo foniyo, achemwali. Gulu loyamba kufunsa mtundu wa kamera musanakhale n'komwe pansi likutayitsani nthawi.

Yambani mwaona nthawi imene amanyamuka. Kuwala kokoma ndi kwa ola loyamba dzuwa likangotuluka ndi ola lomaliza lisanalowe. Mu Novembala dzuwa limatuluka cha m'ma 5 koloko, mu Juni cha m'ma 6. Gulu lofika pa phiri la Zomba 10 koloko limapeza dzuwa likuyandikira paliwombo, mithunzi yakuda bii pansi pa maso, thambo loyera mbee. Afunseninso za miyezi. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala utsi wa moto wolusa ndi fumbi zimaphimba mapiri, moti Mulanje amangooneka ngati mtambo. Zithunzi zakutali zimafuna Epulo ndi Meyi, mvula itatsuka mlengalenga.

Koma phindu lenileni la gulu lili pa zimene zimachitika mukabwerako. Aliyense abweretse zithunzi zitatu, osati makumi asanu, muziike pa kompyuta, mwini wake anene shutter speed (nthawi imene kamera imakhala yotsegula kuti kuwala kulowe), aperture (kukula kwa kabowo kolowera kuwala mu lenzi) ndi ISO (mphamvu ya kamera yolandirira kuwala) zomwe anagwiritsa ntchito. Anzake anene chinthu chimodzi chimene chayenda ndi chimodzi chofunika kukonza. Ngati aliyense akungoti "chaboo kwambiri", palibe akuphunzira. Potumizirana pa WhatsApp tumizani ngati document, chifukwa njira yachizolowezi imachepetsa chithunzi n'kufufuta manambala amenewa.

Za ndalama musachite nazo manyazi. Sonkhasonkha wa thiransipoti, wolowera kumalo osungirako zachilengedwe ndi wa wolondolera njira alembedwe m'kope la msungichuma, ndipo zida zobwerekana zikhale ndi kope lawolawo: wabwereka ndani, liti, zili bwanji. Magulu ambiri amatha chifukwa cha lenzi yosweka yomwe aliyense akuikana. Pa ulendo wa mbalame musapitirire anthu asanu ndi mmodzi pamalo amodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo chikhamu sichidekha.

Tinapita ku mathithi a Williams Falls pa phiri la Zomba. Zithunzi za anzanga madzi akuoneka osalala ngati mkaka, zanga angouma gwa, ndipo nditayesa kuchedwetsa shutter chithunzi chonse chinayera. Ndalakwitsa pati?
*Wowerenga wa ku Blantyre*

Kuchedwetsa shutter munachita bwino, achimwene, koma kuwala kunachuluka. Ikani kamera pa tripod (choimikira cha miyendo itatu), ISO pa 100, aperture pakati pa f/11 ndi f/16, shutter pakati pa 1/4 ya sekondi ndi sekondi imodzi. Masana dzuwa likuswa mtengo manambala amenewa salola, n'chifukwa chake chinayera. Bwerani m'mamawa mathithi akadali mumthunzi, kapena tsiku la mitambo. Mukakakamira masana, pafunika fyuluta ya ND (kagalasi kakuda kochepetsa kuwala kolowa mu lenzi) ya ma stop 6, yomwe imasandutsa 1/60 ya sekondi kukhala sekondi imodzi. Musathamangire f/22 pofuna kuchepetsa kuwala: chithunzi chimafewa paliponse.

Kachiwiri, chala chanu chimagwedeza kamera podina. Ikani timer ya masekondi awiri, dinani, chotsani dzanja. Ndipo yang'anani galasi lakutsogolo musanajambule chilichonse, chifukwa timadontho ta mathithi timatera pamenepo osaoneka, kunyumba mukapeza timadontho tozungulira pazithunzi zonse. Kansalu kofewa kakhale m'thumba la malaya. Miyala ya pamenepo ndi yoterera ndi ndere. Kamera ilowe m'chikwama musanasamuke.

Lenzi ya gulu lathu yamera tizinthu ngati ukonde wa kangaude mkati. Tipukute ndi chiyani?
*Msungichuma wa gulu, Mulanje*

Chimenecho ndi chuku, ndipo kunja simungachipukute. Chimamera lenzi ikakhalitsa mumdima ndi chinyezi, makamaka nyengo ya mvula ndi ya chiperoni, pamene munthu wabwera kuphiri n'kuisiya m'chikwama chonyowa sabata yonse. Musaimasule nokha, magalasi ake akasuntha pang'ono focus imasokonekera. Iperekeni kwa wokonza makamera mwachangu, chifukwa chuku chikakhalitsa chimadya utoto wa pagalasi ndipo chipsera chake sichichoka.

Zotsalazo zitetezeni motere: kontena yapulasitiki yotseka bwino, muikemo silica gel (timibulu toyamwa chinyezi) wosintha mtundu. Wa olenji akasanduka wobiriwira, kapena wabuluu akasanduka pinki, wakhuta madzi. Muumitseni mu uvuni pa madigiri a Celsius pafupifupi 120 kwa ola limodzi kapena awiri. Chinyezi chamkatimo chisapitirire 60 peresenti. Lenzi yodwalayo ikhale payokha.

Tikufuna kukajambula Gule Wamkulu kumudzi wina ku Dedza. Tingonyamuka?
*Mlembi wa gulu, Lilongwe*

Ayi. Tumizani anthu awiri kwa anyakwawa kukadali masiku, akanene kuti ndinu ndani, mubwera angati, zithunzizo zipita kuti. Eni gule ndiwo anene poima ndi chimene sichijambulidwa, ndipo ku dambwe sikofikako. Akakana, mwakanizidwa, ngakhale mutanyamula lenzi yojambula patali. Gwirizananinso za kangachepe koperekedwa pabwalo kuti wina asayambe kukangana mitengo ng'oma zili mkati.

Gule amathamanga ndipo fumbi limakwera. Shutter ikhale 1/1000, ndipo lenzi musankhiretu musanatsike galimoto. Kusintha lenzi pabwalo n'kuthira fumbi pa sensa (kagawo ka mkati mwa kamera kolandira chithunzi), mudzaliona ngati timadontho takuda pathambo la chithunzi chilichonse.