Malikisi azibwera pomaliza

Achimwene, mwafunsa ngati pa tsamba lanu latsopano la ndemanga za magemu muzipereka malikisi pa 10 kapena pa 100, komanso ngati ndi bwino kuigawa gemu, zithunzi pazokha, nkhani payokha, nyimbo pazokha, kenako n'kuphatikiza zonse. Ndiyambe ndi lachiwirili: chonde musatero. Ndiwo sitiilawa mchere pawokha, tomato payekha, mafuta pawokha. Timalawa zonse zitakumana mumphika. Tetris ilibe nkhani ngakhale pang'ono, Minecraft zithunzi zake ndi timabokosi tokhatokha, koma pofika 2023 Minecraft inali itagulidwa kopitirira 300 miliyoni. Mukagwiritsa ntchito njira yophatikiza ija, magemu awiriwa agwa, ndipo gemu yokongola m'maso koma yotopetsa m'manja idzawapitirira.

Za 10 kapena 100, ine ndingakulangizeni masitepe asanu okha, ndipo mulembe pamwamba pa tsamba tanthauzo la sitepe iliyonse m'mawu a tsiku ndi tsiku: musataye ndalama, dikirani itsike mtengo, ndi ya okhawo okonda mtundu umenewu, gulani, musaiphonye. Palibe munthu amene angafotokoze moona mtima kusiyana kwa 83 ndi 84. Ngakhale IGN, tsamba lalikulu la ndemanga za magemu, yomwe kwa zaka zambiri inkapereka malikisi ngati 8.7, inasiya zimenezi mu 2020 n'kutsala ndi manambala athunthu. Eurogamer, tsamba lina lotere, inachotseratu malikisi mu 2015, n'kumangonena kuti gemuyi ndi yofunika kwambiri, iyi ndi yabwino, iyi ipeweni. Mu 2023 inabwera ndi nyenyezi zisanu. Magazini ya ku Japan ya Famitsu ili ndi njira yakeyake: anthu anayi, aliyense amapereka pa 10, zonse pamodzi 40. Gemu yoyamba kupeza 40 kumeneko inali The Legend of Zelda: Ocarina of Time mu 1998. Chimene chimandisangalatsa pa njira imeneyi n'chakuti owerenga amaona ndi maso awo kuti anthu anayi akhoza kusewera gemu imodzi n'kusiyana maganizo.

Koma nkhani yaikulu si kutalika kwa sikelo ayi. Ndi yakuti nambala imene mwalemba imapita patali kuposa mawu anu. Ambiri amangoyang'ana nambalayo n'kutseka tsamba. Metacritic, yomwe inayamba mu 2001, imasonkhanitsa malikisi a olemba ndemanga ambiri n'kutulutsa nambala imodzi pa 100, ndipo makampani amaitenga nambala imeneyo ngati chigamulo. Fallout: New Vegas ya 2010 inapeza 84. Mmodzi mwa amene anali akuluakulu a Obsidian panthawiyo, kampani imene inaipanga, Chris Avellone, anaulula mu 2012 kuti bonasi yawo inkadalira kufika pa 85, choncho sanailandire. Likisi limodzi lokha! Inu tsamba lanu likadali laling'ono, simungalande munthu bonasi, komabe mnyamata amene wasunga ndalama kwa miyezi kuti agule gemu imodzi akudalira nambala yanuyo. Muziyamba mwalemba ndemanga yonse, muiwerenge, kenako mudzifunse kuti mawu amenewa akuloza sitepe iti. Mukayamba ndi nambala, mudzapezeka mukusakasaka mawu oti aiteteze.

Chinthu china chimene sindingachisiye: nenani chipangizo chimene mwasewererapo komanso tsiku limene mwalemba. Cyberpunk 2077 itatuluka mu December 2020, ndemanga zoyambirira zinali zoyamikira kwambiri, koma olembawo anapatsidwa ya pakompyuta yokha. Anthu amene anaigula pa PlayStation 4 anakumana ndi gemu yojama ndi yodzitsekera yokha, mpaka Sony inaichotsa m'sitolo yake mwezi womwewo n'kuibwezeretsa mu June 2021. Malikisi apamwamba aja sanali abodza, kungoti ankanena za gemu imene anthu ambiri analibe m'nyumba zawo. Kwa ife nkhaniyi ndi yaikulu zedi, chifukwa owerenga anu ambiri asewera pa foni zapakatikati, ena pa PlayStation 4 yogula kwa munthu. Auzeni kukula kwa gemu, ngati imafuna intaneti nthawi zonse, mmene imadyera bandulo, ngati foni imatentha, komanso ngati magetsi akazima pakati pa masewera munthu amayambiranso patali. Olemba a ku London kapena ku Los Angeles sangaziganizire zimenezi, ndipo apa ndi pamene tsamba lanu lingakhale ndi phindu limene awo alibe.

Muzinenanso poyera kuti mwafika pati. Ngati simunaimalize, lembani choncho. Pa Steam, sitolo ya pa intaneti ya magemu a pakompyuta, ndemanga iliyonse ya ogula imaonetsa maola amene wolembayo wasewera, ndipo n'chifukwa chake chala choloza m'mwamba cha munthu wa maola ambiri chimamveka kuposa cha amene wangotsegula. Malikisi a anthu wamba muziwaona mosamala. The Last of Us Part II itangotuluka mu June 2020, anthu ambirimbiri anathamangira kuipatsa malikisi otsikitsitsa pa Metacritic pasanathe n'komwe nthawi yokwanira kuimaliza, moti Metacritic inaika lamulo loti anthu azidikira maola 36 gemu ikatuluka asanaiponyere malikisi.

Magemu a mpira, omwe ndikudziwa kuti mudzalemba kwambiri za iwo, ali ndi vuto lawolawo. EA Sports FC imatuluka chaka ndi chaka, ndiye funso la owerenga si lakuti "kodi ndi yabwino?" koma "ndili ndi ya chaka chatha, pali chifukwa chogulira iyi?" Yankhani limenelo. Ndipo pa magemu otsitsa ulere ngati eFootball, sewerani kwa nthawi osalipira kalikonse, muone ngati munthu wopanda ndalama angapambane ndi luso lake kapena amangogonja kwa amene agula osewera apamwamba. Ngati gemu ikumukankhira munthu ku thumba nthawi zonse, itsitseni sitepe imodzi ngakhale mpira wake ukhale wokoma bwanji, ndipo mulembe chifukwa chake m'ndime yoyamba.