Za osula zitsulo a ku Ireland, poyankha msuweni

Eee msuweni, ndamva funso lako, akuti kodi kuno ku Ireland kuli osula zitsulo. Iwe ndi zitsulo mpaka liti? Khasu lomwe sudziwa kugwira kkkk. Ndikudziwa komwe ukupita.

Analipo ambiri kumidzi, pano atsala apo ndi apo poti mathirakitala analanda ntchito ya mahatchi amene iwo ankawakhomera zitsulo kumapazi. Ku Enniskerry, mudzi wa m'boma la Wicklow uko, kuli chipala chakale chosuliramo zitsulo, chitseko chake… ayi, khomo lenilenilo, analimanga ngati chitsulo chija amakhomera kuphazi kwa hatchi. Ndiye anthu ake ankakhulupirira zinthu iwe! Madzi amene wosula ankaziziritsiramo chitsulo, ankati ukasamba njerewere zimatha. Mayi akamatuluka ankapingasa mbaniro pamwamba pa kabedi ka mwana kuti ma fairy, timizimu tawo tija, tisamube. Ndipo wosula ukamulakwira ankatembenuza chitsulo chosulirapo n'kukutemberera, anthu ankaopa zenizeni. Sizongopeka ine izi, ana asukulu anazilemba kuchokera kwa agogo awo kuyambira 1937 mpaka 1939, zili pa intaneti.

Zikundikumbutsa amalume, ukukumbuka? Pansi pa mtengo wa mango paja, mvukuto yachikopa cha mbuzi, akusula nkhwangwa ndi masipuling'i a galimoto aja anatenga kwa… basi, ukudziwa komwe anatenga. Tsiku lija ndinakhala pa mwala wawo wosulirapo ndikudya chinangwa, anandithamangitsa mpaka kudimba atanyamula nyundo, akuti ndikhala wosabereka. Ndili ndi ana atatu pano! Koma iwe unapopa mvukuto tsiku lonse akukulonjeza kampeni, unakalandira? Anakagulitsa pamsika Loweruka, madzulo n'kubwera akuimba, njinga atayiiwala kumowa. Azakhali sanawayankhule sabata yathunthu, nsima ankangowaikira pakhonde.

Nanga ndimati chani… eya. Zida zawo zija zili m'kachipinda kakuseri, ndamva kuti ena akuti ndi zaufiti zitayidwe kudambo, ndipo ndi zimene ukufunsa iwe, usandinamize. Musataye. Azungu omwewa ankanena zomwezo za osula awo, koma lero nyundo ndi mivukuto aziika m'mamiyuziyamu, anthu akulipira kuti akaone. Ndiye nyundo ija, mbaniro, mvukuto ngakhale yadyedwa ndi makoswe, zisungeni. Uwauze amayi ako kuti ndati ine zisatayidwe, ndikabwera Disembala ndidzazitenga ndekha. Kampeni kako kokha ndiye iwala.