Eliya anayamba wadya ndi kugona

Achemwali, mwati mwatopa, pemphero silikutuluka, ndipo mukuopa kuti mwabwerera m'mbuyo. Ayi, simunabwerere. Ndipo awa amene akukuuzani kuti musale kudya masiku 7, kapena kuti pali tchimo limene mukubisa, andikwiyitsa kwambiri. Munthu wafooka kale, inu n'kumamusenzetsanso katundu wina? Anzake a Yobu anachita bwino masiku 7 amene anakhala naye chete. Atangotsegula pakamwa n'kuyamba kumufufuza machimo anaononga zonse, ndipo pa Yobu 42:7 Mulungu anakwiyira iwowo.

Powawa penipeni ndi usiku, cha m'ma 2 koloko. Tulo tabalalika, mwagwada m'mbali mwa bedi, mwangoti "Atate" mawu n'kuthera pomwepo. Baibulo lili chitsegulire, vesi limodzi mwalibwereza katatu koma silikulowa. Lamlungu mukuimba nawo, wina akakupatsani moni mukuti "tili bwino mwa Ambuye" chonsecho pakhosi pali potsamwa. Pomwepo akupatsaninso ntchito ina poti inu simukana. Mukajomba milungu iwiri, foni yoyamba imene imabwera ndi yofunsa makiyi kapena kaundula, osati moyo wanu. Zimenezi zimapweteka kuposa vuto lenilenilo.

Tsegulani 1 Mafumu 19. Eliya anali atangogonjetsa aneneri a Baala 450 pa phiri la Karimeli. Mfumukazi Yezebeli atamuopseza anathawira ku Beereseba, n'kusiya mnyamata wake kumeneko, n'kuyenda yekha tsiku lathunthu m'chipululu mpaka kupempha imfa. Onani ndondomeko ya Mulungu. Mngelo sanamudzudzule. Anamudzutsa kawiri kuti adye mkate ndi kumwa madzi, pakatipo anagonanso. Kulankhulana ndi Mulungu kunadza pambuyo, ku phiri la Horebu, atayenda masiku 40. Kumeneko ndi kumene anauzidwa kuti alipo 7,000 amene sanagwadire Baala, ndiponso kuti akadzoze Elisa. Thupi linayamba, kenako mawu, kenako mnzake wothandizana naye.

Ndiye chepetsani, musasiye. Ambiri amalakwa polumbira kuti azidzuka 3 koloko kupemphera ola lathunthu. Tsiku lachitatu alephera, chikumbumtima chiwaweruza, basi asiyiratu. Inu tengani mphindi 5 zokha, nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, muwerenge salimo limodzi mokweza mawu, poti chamumtima maganizo amathawa. Yambani ndi Salimo 13, lili ndi mavesi 6 okha ndipo limafunsa Mulungu kanayi kuti zidzatha liti. Kenako 42. Tsiku loipitsitsa werengani 88, limene limathera mu mdima popanda mawu otonthoza, koma lili m'Baibulo ndithu. Kudandaula pamaso pa Mulungu ndi pemphero.

Lembani maudindo onse amene muli nawo kumpingo, musunge umodzi, enawo muwatule kwa miyezi itatu. Nenani tsiku lobwerera kuti asakuvutitseni ndi mafunso. Pezani munthu mmodzi wosunga pakamwa, osati gulu lonse la mapemphero, chifukwa nkhani yanu idzayenda m'dzina la "tiwapempherere". Ndipo ngati padutsa milungu iwiri osagona bwino, osafuna chakudya, osakondwa ndi chilichonse, pitani kuchipatala. Maganizo ofuna kudzipha akabwera musadikire milungu iwiriyo, uzani munthu lero lomwe.

Koma Lamlungu pitani ndithu, ngakhale okupwetekaniwo ali komweko. Ndikudziwa ndawanena kwambiri, komabe Eliya zinamuipira atatsala yekha. Khalani mpando wakumbuyo, musakakamize kuimba, ena akuimbireni. Mapemphero akatha mutha kunyamuka osacheza. Abusa kapena mkulu wa mpingo mmodzi muwauze zoona zake, mwina sakudziwa n'komwe kuti mwafika pamenepa.